Nkhoswe Ili ku London

Chimwemwe, Kitwe
21 Novembala 1965

Akulu anga a Jairus,

Landirani moni wa kuno ku Kopala. Kaya inu ndi chisanu cha ku London mumadandaula nacho chija? Ife tili bwino, Amayi ndi mwendo wawo uja basi. Akuti ndikukumbutseni za juzi munalonjeza ija.

Nkhani mwaimva kale, poti inu ndi amene muli pakhomo pa eni ake. Azungu a ku Rhodesia alengeza okha kuti dziko ndi lawo, Britain asawalamulenso. Kuno pansi pa mgodi sitikamba china. Malasha osungunulira kopa amachokera kwawo, magetsi kwawo, sitima imadutsa kwawo. Munthu wakugwira pakhosi, iwe n'kumamupatsa moni? Inu amene boma linakutumizani kukaphunzira zoyankhulira dziko lathu kunja, tandiuzeni, Britain atumiza liti asilikali? Wapandukayo ndi mwana wake, ndipo Britain chikwapu ali nacho.

Koma chimene ndalembera si chimenechi. Sabata yatha ndinapita ku Ndola kukaona mlongo wathu Lenia. Nyumba imene alamu a Kingsford anapatsidwa ku Itawa atakwezedwa pantchito, awe mwandi, ndi ya mzungu ndithu, mpanda wa maluwa, bafa m'kati momwemo. Koma Lenia anandilandira atamanga duku mpaka m'maso. Akuti anagunda chitseko cha kabati. Akulu, makabati a ku Itawa ali ndi zala, ndinaziona ndekha zitadindika patsaya.

Nkhoswe yake ndinu. Chimwalirireni Atate palibe angamuchotse pabanja paja popanda mawu anu, ngakhale Amayi amene sangayerekeze. Ndipatseni mawuwo ndikamutenge.

Mng'ono wanu,
Festus

London
6 Disembala 1965

Festus mng'ono wanga,

Kalata yako yandipeza ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno limalowa munthu usanalione. Juzi ya Amayi ndatumiza. Uwauze avale, asaitsekere m'sutikesi kudikira Khirisimasi.

Za asilikali iwala. Akuluakulu a kuno ananeneratu poyera, Rhodesia asanapanduke n'komwe, kuti mfuti sagwira. Akuti amufinya ndi malonda, fodya wake osagula, mafuta osamugulitsa, mpaka abwere yekha kudzakambirana. Ine ndikuonapo nzeru. Nkhondo kuiyamba n'kosavuta, vuto ndi kuithetsa. Taona Amereka, dziko lamphamvu kuposa onse, mabomba tsiku ndi tsiku ku Vietnam, koma khomo lotulukira sakuliona. Aphunzitsi athu amati mdani usamutsekere njira zonse, umusiyireko kanjira koti abwerere ulemu wake usanatayike.

Za Lenia zandipweteka mtima. Koma iwe ndimakudziwa, dzanja lako limafika mawu asananyamuke. Usapiteko. Kingsford ndinaphunzira naye sukulu imodzi. Wakwera msanga, ndipo azungu a kuofesi kwawo akungodikira tsiku loti agwe. Munthu wamantha chotero ukamuopseza umangomuonjezera ukali. Ndamulembera ndekha lero lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mkulu wako,
Jairus

London
6 Disembala 1965

Alamu a Kingsford,

Ndikhulupirira ntchito yatsopano ikuyenda bwino. Ndamva kuti m'nyumba mwanu muli kusamvana pang'ono. Sindikufunsa kuti anayamba ndani. Ndikulemba ngati nkhoswe, ndiponso ngati mnzanu wakale.

Ndikutsimikizireni chinthu chimodzi kuti mtima wanu ukhale m'malo. Ine banja lanu sindidzalithetsa, zivute zitani. Atate athu anali mkulu wa mpingo wa Reformed, ndipo pakhomo pathu mwana wamkazi sabwerera ndi katundu pamutu. Palibe adzabwere kudzakulandani mkazi. Ndiye poti mulibe choopa, ndikukupemphani mwaulemu, dzanja likhale pansi, pakamwa pagwire ntchito.

Mlamu wanu,
Jairus Miti

Itawa, Ndola
2 Januwale 1966

Alamu olemekezeka,

Chaka chabwino kwa inu. Kalata yanu inandisangalatsa koposa. Ndinauza anzanga kukalabu kuti umu ndi mmene amalembera munthu wa sukulu. Ndaisunga bwino m'Baibulo.

Musadandaule za mlongo wanu. Mkazi wokulira kukomboni akalowa kumayadi amatenga nthawi kuti aphunzire kulandira alendo ndi kugwira foloko. Ndikumuphunzitsa pang'onopang'ono. Vuto lili ndi mng'ono wanu Festus, amene amalowa m'nyumba ya munthu n'kumasuzumira nkhope za akazi a eni ake. Mumulangize.

Mukapeza tayi yabwino ya ubweya munditumizire, ndidzabweza.

Wanu,
Kingsford Njobvu

Itawa, Ndola
30 Januwale 1966

Alongo anga,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndilipo. Pepani kuti ndakhala chete, sindipita kutauni kawirikawiri masiku ano. Kalata ino ndapatsira mai wogulitsa masamba.

Ndege za nkhondo za Britain zinafika mu Disembala, zili pabwalo la ndege kuseri kwa nyumba yathu kuno. Tsiku limene zinatera anthu anathamanga kuchokera m'makomboni kudzaziona kuwaya, amayi nthungululu, tonse tinkati mawa zilowera ku Rhodesia. Koma zimangodzuka, kuzungulira, n'kudzatera pomwe zinachoka. Akuti zinabwera kudzatilondera, osati kudzamenya munthu.

Zikamadzuka, alongo, mawindo amanjenjemera. Munthu atati akuwe m'nyumba muno nthawi imeneyo, ngakhale wa khomo loyandikana nalo sangamve.

A Kingsford anandiwerengera kalata yanu ija. Anaiwerenga kawiri, mokweza. Ndamva, ndipo ndichita monga mwanenera. Mukafuna kundiyankha lemberani kwa Amayi ku Kitwe.

Mlongo wanu,
Lenia

Chimwemwe, Kitwe
20 Malichi 1966

Mwana wanga Jairus,

Ndine mai ako. Akulembawa ndi a Tryness anzanga a m'chigwirizano cha amayi kumpingo, ine ndikungoyankhula. Juzi ndinalandira, ndikuvala. Kaya iwe ukudya mokwanira kumeneko?

Kuno kwaipa. Festus anapita ku Ndola osanditsanzika. Anakapeza Lenia mkono uli m'nsalu. Anauza apongozi anga a Kingsford kuti akumutenga, iwo akuti anangoseka, amvekere nkhoswe inanena kale, nanga iwe wakumgodi ndiwe ndani? Mwana uja ukumudziwa. Dzino la a Kingsford linatsala pakhonde.

Festus anagona kupolisi, ndipo kumgodi anatsala pang'ono kumuchotsa ntchito. Ndinagwada ine, Jairus, ndi mwendo wangawu. A Kingsford anavomera kuuleka mlandu, koma akuti wa kwa Miti aliyense asadzapondenso ku Itawa. Pageti aikapo loko.

Sabata yatha ndinapita ndekha ndi nkhuku yopepesera. Ndinaima pageti paja dzuwa lonse ngati wopempha ganyu. Wantchito wa m'munda anati bwana kulibe ndipo makiyi apita nawo. Ndinaitana dzina la mwana wanga mpaka mawu anasasa. Ndinangoona katani ya kuchipinda ikugwedezeka, basi. Nkhuku ija ndinabwerera nayo pabasi, anthu akundiyang'ana.

Kale Festus akapita ankationerako nkhope ya Lenia. Tsopano sitikudziwa ngati akudya, ngati akuyenda. Ndili ndi mantha, mwana wanga. Akulu a mpingo ndawauza, akuti iwo salowa m'banja nkhoswe isanawaitane. Unene kanthu.

Mai ako,
Zelipa

London
5 Epulo 1966

Festus,

Moni sindichulukitsa, ndakwiya nawe. Ndinakuuza kuti usapiteko. Wachita za Amereka ndendende, kufika ndi chibakera pamalo pofunika mutu, ndipo taona zotsatira zake. Kale khomo linali lotsekula, lero pali loko. Dzino limodzi la Kingsford waligula ndi mlongo wako.

Komanso ndikuona ngati mukuikulitsa nkhaniyi. Lenia yemwe anandilembera mu Januwale, ndipo sanadandaule china chilichonse koma phokoso la ndege. Ndamulembera kawiri kudzera kwa Amayi, sanayankhe. Ndalemberanso Kingsford kupepesa m'malo mwako ndi kumupempha kuti achotse loko. Tidikire yankho lake. Iwe ukhale kumgodi kwakoko.

Jairus

Chimwemwe, Kitwe
15 Meyi 1966

Akulu,

Ndachedwa kuyankha dala, kuti ndisalembe zimene ndingadzachite nazo manyazi. Chibakera chija ndikuvomera, chinapweteka Lenia kuposa mmene chinapwetekera mwini dzino. Usiku ndi usana ndimaganiza zimenezo.

Koma ngati ine ndine Amereka, inu ndinu ndani? Pa wailesi tikumva kuti Britain ndi Rhodesia ayamba kukambirana zoti akambirane. Pansi pa mgodi anthu anaseka mpaka kutsokomola. Anatiuza kuti mafuta akatsekedwa wopandukayo agwa m'masabata owerengeka. Lero galimoto za ku Rhodesia zikuyenda, ife kuno ndi amene tikugula petulo ndi makuponi. Munthu amene unamulonjeza kale kuti sudzamukhudza, abwere kudzakambirana nawe chiyani? Akungomwa tiyi wako.

Makalata anu a Lenia ali pano pakabati, osatsegula. Tikamupatsira pati, pa loko? Ndipo Kingsford wakuyankhani? Ndikudziwa sanayankhe.

Mukuti Lenia anangodandaula za ndege. Itengeninso kalata imeneyo, muiwerenge ngati mlongo wake osati ngati mwana wa sukulu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, akulu.

Festus

Chimwemwe, Kitwe
10 Julayi 1966

Jairus,

Ndine mai ako, akulemba ndi a Tryness. Moni wako ndi womwewu.

Lachitatu kunabwera mai wa chigwirizano cha ku Ndola amene amachapa kuchipatala. Anati mwana wanu ali kwathu kuno, kodi mukudziwa? Ndinakwera basi mbandakucha. Ndinamupeza mutu wonse uli m'bandeji, khutu lamanzere likutulukabe magazi. Pakhadi analemba kuti anagwa m'bafa. Wawonda, Jairus, mphete ikuchita kuvuka yokha.

Kuchipatala kulibe loko. Ndinati mwana wanga dzuka, basi ili panja, tiye kwathu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti Amayi, alongo anati pakhomo pathu mwana wamkazi sabwerera. Ndikabwera ndiye kuti ndanyoza iwo ndi manda a Atate. Madzulo a Kingsford anafika ndi maluwa, anandipatsa moni wa ulemu anamwino akuona, n'kumutenga.

Atate ako sananenepo mawu amenewo. Ndinakhala nawo zaka zonse zija, sindinawamve. Unawaika m'kamwa ndiwe, iwo ali m'manda.

Ulendo wina mai uja akadzabwera, sadzanena za chipatala. Festus sindinamuuze za khutu, ndikuopa angaphe munthu. Ndatsala ndi iwe.

Zelipa

London
22 Julayi 1966

Amayi, ndi iwe Festus,

Kalata ya Amayi yandifika dzulo. Ya Lenia ija ndaiwerenganso. Mawu amene ndinapatsa Kingsford ndawabweza, ndipo kalata yowabwezayo ndaika momwemu, mukamuwerengere pamaso pa anthu.

Festus, za khutu Amayi akuuza okha. Umve mpaka kumapeto usanadzuke pampando. Iwe ndi ine aliyense anagwira mbali imodzi. Britain sanalakwe posamenya, analakwa poneneratu kuti sadzamenya. Amereka naye ali ndi chikwapu koma pakamwa anasiya kunyumba. Tichite chonchi. Amayi apite ndi mkulu wa mpingo mmodzi, ndipo muitane amalume ake a Kingsford, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna. Nkhoswe yake yomwe sangaitsekere pageti. Iwe upeze lole, ukaiimike pageti penipeni, chitseko cha kumbuyo chotsitsa. Usatsike, usayankhule, manja akhale pachiwongolero.

Akaona lole adziwa kuti mkazi angathe kuchoka lero lomwe. Pamenepo mumuuze zofuna zathu: loko achotse, Amayi azilowa nthawi iliyonse, ndipo akadzangomukhudzanso kamodzi, loleyo idzabwera osabwerera yopanda kanthu. Ndikhulupirira avomera, ndipo banja lipulumuka popanda wina kukhetsa magazi.

Chonde fulumirani. Mundiyankhe tsiku lomwelo.

Jairus

Chimwemwe, Kitwe
14 Ogasiti 1966

Akulu anga,

Moni. Tonse tili moyo, ndiyambe ndi zimenezo.

Lole ndinabwereka kwa Mubemba wina wonyamula makala, koma petulo ndiye anavuta. Anzanga a pashifiti amene ali ndi njinga zamoto anasonkha makuponi awo, wina theka la galoni, wina galoni. Dzulo tinapita. Amalume a Kingsford ataima pageti, loko anatseguka yekha.

Nzeru yanu inagwira, akulu, ndisakunamizeni. Kingsford atasuzumira pawindo n'kuona lole, nkhope inagwa. Aliyense ku Kopala akudziwa kuti masiku ano munthu sawotcha petulo kuchokera ku Kitwe kudzangoopseza. Ine ndinakhala m'lole monga munanenera. Chiwongolero chija chikanakhala khosi la munthu, bwenzi pano tikukamba za maliro. Zam'kati anandiuza ndi Amayi. Kalata yanu itawerengedwa, bwana uja anayamba kulira. Anavomera zonse, loko, kuchezera, zonse. Anagwadira Amayi pakapeti. Mkulu wa mpingo anali atatsegula kale nyimbo yothokoza.

Nthawi yonseyi Lenia anali kukhitchini, palibe anamuitana. Analowa ndi tiyi, anathirira aliyense, mwamuna wake yemwe. Kenaka analowa kuchipinda. Ine ndinangoona chitseko cha kumaso chikutseguka, iye akutuluka atasenza makina ake osokera, amene Atate anamugulira aja. Anayenda pang'onopang'ono, akupendekera mbali imodzi chifukwa cha khutu lija. Anandiuza kuti, “Festus, tandilandira.” Ndinatsika, akulu. Pamenepo pokha ndiye ndinaphwanya lamulo lanu.

Onse anatuluka. Amalume aja amvekere, “Mayo, nanga si tagwirizana kale?” Kingsford akuti, “Lenia, ndalonjeza pamaso pa anthu!” Iye ali pamwamba pa lole anangoti, “Mwagwirizana ndi ndani?” Mkulu wa mpingo anayang'ana Amayi kuti amutsitse. Amayi anapinda chitenje, nandiuza kuti ndiwakweze nawonso.

Ndiye banja munkafuna kupulumutsa lija silinapulumuke. A kuchimuna akuti nkhoswe inalonjeza kuti akavomera mkazi akhala, ndipo akufuna mawu anu kuti abwerere. Lenia akugona m'chipinda cha Amayi. Mawuwo ali kwa inu kachiwiri. Ine lole ndabweza, koma ndikuuzeni pano kuti ya ulendo wobwerera ku Itawa mukapeze woyendetsa wina.

Festus

Chimwemwe, Kitwe
11 Seputembala 1966

Alongo anga,

Muli bwanji? Ine ndikupezako bwino. Ndayamba kusoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde pano, ndipo dzulo ndinapita ndekha kumsika.

Makalata anu onse ndawerenga, akale aja ndi yatsopanoyi. Zikomo kuti mwauza a kuchimuna kuti simundibweza. Amayi akuti kumpingo ena asiya kuwapatsa moni, koma akuti moni sadya.

Mwalemba kuti mukanakonda ndikanadikira kuti tione ngati a Kingsford asunga lonjezo, poti njira yanu inali itagwira. Mwina inagwiradi. Koma alongo, lonjezo limenelo mukanaliyesera pathupi la ndani? Inu munayesa mawu okoma, ndinalipira ndine. Festus anayesa chibakera, ndinalipira ndine. Tsiku lija ndili kukhitchini ndinkamva anthu akugwirizana za ine ngati za malire a munda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakhala m'nyumba ija miyezi yonseyi chifukwa cha mawu anu, ndipo mutangowabweza sindinaone chodikiranso.

Mwafunsa za ndege zija. Mai wa masamba uja anabwera kudzandiona, akuti zinabwerera kwawo kumapeto kwa mwezi watha. Palibe anathamangira kuwaya kukaziona. Ku Rhodesia, monga mukudziwa, akadakambirana.

Sindikukusungirani chakukhosi. Ndinu alongo anga, ndipo ndakusowani kwambiri. Amayi akuti mubwera chaka chamawa mukamaliza, mudzayambe ntchito yoyankhulira dziko. Ndidzakusokerani shati. Koma mukadzabwera kuti tikambe, mudzakhale kudzanja langa lamanja. Kumanzereku adokotala akuti sikudzamvanso, ngakhale mutayankhula bwino chotani.

Mlongo wanu,
Lenia